Malaya Oyanikidwa m'Khitchini ya Apongozi

Zimene ndinataya ku Zimbabwe ndi izi.

Mkazi wanga, Enelesi Naphiri.
Chichewa chake chosakaniza ndi Chishona, chimene kuno kwathu palibe amachilankhula.
Malaya onse amene anandichapirapo.
Ntchito imene ndinaphunzira ku koleji.
Mlamu mmodzi, ngakhale adakali moyo.
Tulo ta m'mawa.

Zotsalazo ndinabwera nazo, ndipo zinakwana m'chikwama chimodzi.

Ndinachoka kwathu ku Ntcheu nditatopa ndi kuphunzitsa pa kasukulu kena komwe malipiro ankabwera monga mvula ya chilimwe. Ndinali ndi pepala la maphunziro a kemisitile, koma linkangokhala m'sutikesi. Mphunzitsi wanga wakale anandiuza kuti ku Kadoma kuli labu yoyeza miyala ndi madzi a m'migodi, ndipo ikufuna munthu wa manja odekha. Mayi anandiperekeza mpaka pamsewu. Sanalire. Anangondikumbutsa kuti agogo anga aamuna anadzera njira yomweyo ya ku Tete ndipo sanabwerenso, kenako anati ndisakatchone.

Labuyo inali kuseri kwa galaja ya malole, kunja pang'ono kwa tauni. Mkulu wake anali Mai Moyo, mayi wachishona wosakonda kubwereza mawu. Mnzanga wapantchito anali Munyaradzi wa ku Sanyati, mwana wa alimi a thonje, amene tinkagona naye chipinda chimodzi ku Rimuka, dera lina la m'tauniyo. Munya ndiye anandiphunzitsa kunena sadza m'malo mwa nsima, ndi kusayankha anthu akanditchula mubhurandaya, dzina limene kumeneko amanyozera nalo aliyense wochokera ku Malawi, ngakhale sanapondepo ku Blantyre. Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe kumudzi, ndipo mayi ankandiuza pafoni kuti malata akuwonjezeka.

Ndifotokoze ntchitoyo, chifukwa popanda iyo nkhani ya Enelesi simungaimve.

Mtovu uli ndi mitundu inayi. Ndi mtovu womwewo, maonekedwe amodzi, koma kulemera kwake kumasiyana pang'ono kwambiri, ndipo timaitchula ndi manambala a kulemerako: 204, 206, 207 ndi 208. M'mabuku amati maisotopu. Mwala wa mgodi uliwonse uli ndi kasakanizidwe kakekake ka mitundu inayiyi, monga mudzi uliwonse uli ndi katchulidwe kake ka mawu. Choncho mtovu ukapezeka m'chitsime cha mlimi, tinkatha kunena kuti wachokera pa mulu wa dothi la mgodi uwu osati uwo. Alimi a m'mbali mwa mtsinje wa Mupfure ndi eni migodi ankakangana kwambiri pa zimenezi, ndipo onse ankadikira ife.

Makina athu, amene Munya anawatcha Mbuya, kutanthauza gogo, chifukwa cha kunyanyala, sankadziwa dzina la chinthu. Ankadziwa kulemera basi. Analinso ndi tsankho: ankakondera mitundu yolemera, ndipo tsankholo linkasintha malinga ndi zina zimene zili m'madziwo, kaya ndi chitsulo, laimu kapena mchere. Ndiye tisanawapatse kanthu, ine ndinkayamba ndapatula mtovu ku zonsezo. Ndinkasungunula mwala mu asidi, kuumitsa pa chitofu m'timakapu tosavindikira, kenako kudutsitsa dontho ndi dontho m'timachubu tokhala ndi mikanda yosalala ngati mchenga, imene imagwira mtovu n'kulola zina kudutsa. Pomaliza tinkathiramo kachitsulo kena kotchedwa thaliyamu, kamene kasakanizidwe kake tinkakadziwa kale, kuti tione kuti lero Mbuya akukondera motani. Asidi tinkachita kutcheza tokha, chifukwa wogula sankatikwanira kuyera. M'chipinda chimenecho simunkalowa mphete, lamba wachitsulo kapena mafuta odzola. Nsapato zinkatsala pakhomo, ndipo tinkavala chovala choyera pamwamba pa malaya athu.

Pagulu lililonse la timakapu pankakhala kamodzi kopanda mwala, ka asidi yekha, koyenda njira yonse limodzi ndi tinzake. Mai Moyo ankakatcha mboni. Mboni ikatuluka yoyera, tinkakhulupirira zotsatira zonse. Ikatuluka yakuda, ntchito ya sabata yonse inkatayidwa.

Enelesi ndinakumana naye pa mjigo ku Gadzema, dera la migodi yakale ya golide kufupi ndi Chegutu, nditapita kukatunga madzi oyeza. Botolo la labu umalitsuka kangapo ndi madzi omwewo n'kutaya, usanadzaze. Amayi a pamzere anayamba kung'ung'udza m'Chishona. Ine ndinadandaula ndekha m'Chichewa kuti anthu awa sadziwa chimene ndikuwachitira. Mtsikana wina wonyamula chigubu chachikasu anandiyankha m'Chichewa chomwecho kuti akudziwa ndithu: ndikuwatayira madzi.

Agogo ake anachokera ku Dedza wapansi kudzagwira ntchito m'migodi, ndipo iye anali asanaonepo Malawi. Atamva kumene ndachokera anaseka mpaka kutula chigubu.

"Ife amatinena kuti mabhurandaya, chonsecho tinabadwira pompano. Inu ndiye mubhurandaya weniweni, wochokera ku fakitale."

Tinakwatirana chaka chotsatira. Bambo ake anali atamwalira, ndipo mwini mbumba anali atsibweni ake, a Phiri, nkhalamba imene inathera unyamata wake pansi pa nthaka. Banjalo linkanyadira kuti silinataye mwambo wa makolo ngakhale lili pakati pa Ashona. A Phiri anauza ankhoswe anga kuti iwo safuna ng'ombe, chifukwa Mchewa sagulitsa mwana, koma samutayanso: mwamuna ndiye abwere adzakhale pakhomo pa mkazi. Munya atamva kuti ndakwatira popanda ng'ombe ngakhale imodzi, anandipempha kuti ndimufunsire ngati kwatsala mng'ono wake.

Choncho ndinakhala mkamwini. Anatipatsa kanyumba kumapeto kwa bwalo. Pakati pa sabata ndinkagona ku Kadoma, Lachisanu n'kukwera kombi ya ku Chegutu ndi ina ya ku Gadzema, Lolemba m'mawa n'kubwerera ndi malaya ochapa ndi kusita, opindidwa bwino m'jumbo. Ulemu wa chikamwini ankausunga kuposa mmene timausungira kwathu. Ndikakumana ndi apongozi panjira, wina ankapatuka. Sitinkayang'anana kumaso, ndipo mawu athu ankadzera mwa Enelesi. Khitchini yawo, kanyumba kozungulira kofolera udzu, kokhala ndi chitseko cha lata, ndinkangoiona patali. Mkamwini salowa m'khitchini ya apongozi.

Mlongo wake wa Enelesi, Lameki, anali mkorokoza, ndiye kuti wokumba golide payekha m'maenje osiyidwa. Ndi iye amene ankadyetsa pakhomopo. Ndinkadziwa, monga aliyense, kuti makorokoza amagwira golide ndi mekyuri: amasakaniza ndi dothi losinja, mekyuri n'kumeza golide, kenako amawotcha kampira kotuwako kuti mekyuri auluke, golide atsale. Ndinkayesa kuti zimenezo zimachitikira kutchire, kufupi ndi maenje.

Mvula itayamba chaka chimenecho, mboni inayamba kutuluka yakuda.

Vuto linali pa 204. Mwa mitundu inayi ya mtovu, umenewu ndiwo wochepetsetsa, koma ndi umene ina yonse imayerekezedwa nawo. Tsoka lake, mekyuri nayenso ali ndi mtundu wolemera 204, ndipo makina ongodziwa kulemera amawerenga awiriwa ngati mmodzi. Njira yake ilipo: umayang'ana mtundu wina wa mekyuri, wa 202, n'kuwerengera kuti pa 204 gawo lake ndi lotani, n'kuchotsera. Imagwira ngati mekyuri ali wochepa. Akachuluka, chimene ukuchotsa chimaposa chimene ukufuna, ndipo chotsalacho sungachikhulupirire. Komanso mekyuri amakakamira m'mapaipi a makina, n'kumatuluka pang'onopang'ono m'zoyeza za mawa ndi mkuja. Pomuchotsa tinkatsuka ndi asidi wothira kagolide pang'ono. Munya ankati dziko lazondoka: ku Gadzema akugwira golide ndi mekyuri, ife kuno tikugwira mekyuri ndi golide.

Tinasintha thanki ya mpweya wa makina. Tinatchezanso asidi. Tinasintha zosefera mpweya za kudenga, tinaphika timakapu tonse. Mboni inkayera masiku angapo n'kudanso. Alimi ankabwera kudzaima pageti, ndipo Mai Moyo anayamba kuonda.

Mai Moyo omwewo ndiwo anazindikira kuti kuda kumeneku kumabwera kumayambiriro kwa sabata, makamaka ine ndikakhala woumitsa timakapu pa chitofu. Anatiuza tonse atatu kuti tibwere ndi malaya apadera. Lililonse analitsekera m'bokosi lake pamodzi ndi kakapu ka asidi kosavindikira. M'mawa mwake tinayeza. Ka Munya kanali koyera, ka iwo koyera. Ka ine kanachititsa mzere wa 202 kukwera mpaka kutuluka pa galasi la kompyuta, ndipo Mbuya anafunika kutsukidwa tsiku lonse.

Mai Moyo anandiitanira panja, pansi pa mtengo wa jakaranda. Ndinkayembekeza kuti andichotsa ntchito.

"Mwanangu, za makina zisiye, makina amatsukika," anatero. "Malaya awa amangopita kwa mkazi wako Loweruka ndi Lamlungu. Amene amakhala kumeneko masiku onse ndani?"

Ndinakwera kombi masana omwewo. Enelesi anadabwa kundiona pakati pa sabata, ndipo anafunsa ngati kwathu kwagwa maliro. Ndinamufunsa kumene amayanika malaya anga. Anati m'khitchini ya amayi, pa chingwe cha kudenga, popeza mvula siikulola kuyanika panja, ndipo kumeneko amauma msanga. Ndinamufunsa chimene chimachitikanso m'khitchinimo. Anayang'ana kubwalo kaye, kenako anandiuza motsitsa mawu.

Golide wa Lameki ankawotcha ndi iye. Lameki sankakhulupirira anzake a kumaenje, ndipo naye mwini sankadzikhulupirira akakhala ndi golide m'thumba pafupi ndi bawa. Kuyambira pamene bambo awo anamwalira, ankabweretsa kampirako kunyumba. Enelesi ankakafinya m'kansalu, kukaika pa supuni, supuni pa makala, n'kumauzira ndi pakamwa mpaka chikasu chioneke. Chitseko ankatseka, chifukwa kuderalo kunali magulu a anyamata oyenda ndi zikwanje, amene akamva kuti pakhomo pena pali golide ankabwera ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Ndinamuuza kuti atambasule manja. Zala zake zinkanjenjemera pang'ono, ngati tsamba kopanda mphepo. Anati nzosadabwitsa, masiku ano ulusi ukumamuvuta kulowetsa m'singano, ndipo nkhama zikumatuluka magazi akamatsuka m'kamwa. Ndinamufotokozera kuti chimene chimachoka pa supuni sichioneka ndipo sichinunkha, koma sichitha: chimalowa m'udzu wa denga, m'makoma, m'nsalu, ndi m'chifuwa cha wouzirayo, kuchoka apo n'kupita ku impso ndi ku ubongo.

"Ndiye makina anu aja andinunkhiza ine kuchokera ku Kadoma konse?" anafunsa akuseka. Ataona kuti ine sindikuseka, anabisa manja m'chitenje.

Kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi ntchito imodzi yokha, yomuchotsa Enelesi pakhomo paja.

Ndinayamba ndi Lameki. Ndinapita kwa wowotcherera zitsulo ku Chegutu, amene anandipangira kachipangizo ka mapaipi: umatsekeramo kampira kaja n'kuika pamoto, mekyuri n'kudzera m'paipi kukagwera m'madzi, osapita mumpweya. Lameki anakalandira ndi manja awiri, anakayesa kamodzi. Golide anatuluka wodera, wogula ku Chegutu n'kutsitsa mtengo. Komanso sankagwirizana ndi zotsekera chuma chake m'chitsulo chimene sangaone mkati.

"Alamu, musandione ngati wamwano. Golide amafuna maso. Ukangomutsekera mumdima, amachepa."

Kachipangizoko ndinadzakapeza kakutchinjiriza chitseko cha khola la nkhuku.

Ndiye ndinapempha chitengwa, chilolezo chakuti mwamuna atenge mkazi kukakhala naye kwake. Mkamwini sapempha yekha. Ankhoswe anga enieni anali ku Ntcheu, ndipo amene ankaimira anali a Banda, mkulu wa mpingo wathu ku Kadoma, munthu wabwino amene anagwira ntchito ya utelala moyo wake wonse. M'kombi ndinawafotokozera zonse, za 202 ndi 204, za mboni, za malaya. Ankagwedeza mutu. Titakhala pansi pa mtengo wa mango Lamlungu masana, ine kumbuyo kwawo maso pansi, anauza a Phiri kuti mwana wathu akudandaula kuti utsi wa m'khitchini ukumudwalitsa mkazi.

A Phiri anafunsa a Banda ngati ku Malawi masiku ano nsima amaphika popanda utsi. A Banda atatchula mekyuri, nkhalambayo inatambasula manja ake okhakhala kuti tonse tiwaone, n'kunena kuti iwo anayamba kuseweretsa mekyuri m'zikhatho ine ndisanabadwe, ndipo mpaka lero amalima okha. Anamaliza ndi mawu a Chilapalapa, chilankhulo cha m'migodi yakale: aziko ndaba, palibe mlandu.

Sanali munthu wankhanza. Ndikuganiza kuti m'pempho langa anamvamo zinthu ziwiri: kuti mlendo wophunzira akuti pakhomo pawo mpauve, ndiponso kuti mwana wawo akachoka pa Gadzema kupita ku Kadoma, mawa adzawoloka malire osabweranso. Ana ambiri a mbumba yawo anali atabalalika kale. Komabe sanakane. Anati chiliza cha bambo ake a Enelesi chisanamangidwe, mwana wamkazi woyamba sangachoke pakhomo. Mvula ikatha, chiliza chikavundukulidwa, adzamupereka ndi manja awiri. A Banda anawomba m'manja kuthokoza, ine ndinawomba nawo. Mwambo sunandipatse mpata wina.

Madzulo ake ndinauza Enelesi kuti tingonyamuka, za ulemu tidzakonza pambuyo. Anakana. Anati iye akathawa, supuni ija aitola ndi amayi ake, amene chifuwa chawo n'chofooka kale, kapena mng'ono wake Tadala, amene anali asanamalize sukulu. Akachoka mwa chilolezo, atsibweni adzakhala ndi mphamvu youza Lameki kuti apeze njira ina, popeza iwo ndiwo adzakhala atamuchotsera wowotcha. Ankawadziwa anthu ake kuposa ine, ndipo mwina ankanena zoona.

"Sindinakwatiwe mobisala," anatero, "sindichokanso mobisala."

Tinagwirizana kuti aziwotchera panja, kuseri kwa nkhokwe, mphepo ikuchokera kumsana, ndipo asamauzire ndi pakamwa. Anachita zimenezo, ndipo Lameki ankaima pakona kuyang'ana kumsewu, akudandaula. Enelesi ndinamutengera kwa dokotala ku Chegutu, amene anatumiza mkodzo wake ku Harare. Zotsatira zitabwera, dokotalayo anati mankhwala ochotsa mekyuri m'thupi ndi osowa, ndipo ngakhale atapezeka, mankhwala oyamba ndi kuchoka pamalopo. Ine ndinapeza chipinda ku Kadoma. Munya anandithandiza kunyamula bedi pa ngolo, akundinena njira yonse kuti ng'ombe zimene ndinapulumuka zija ndazilipira kwa kalipentala. Enelesi anakana kubwera kudzachiona tsiku lisanakwane. Anati akachiona sagonanso tulo ku Gadzema.

Ku labu zinthu zinakhala bwino msanga. Malaya anga onse tinawatsekera mumgolo wa zinyalala zoopsa. Ndikafika Lolemba ndinkayamba ndasamba, n'kuvala zovala zosatuluka m'labumo. Mboni inayera, mzere wa 202 unagona pansi, ndipo manambala ankabwerezabwereza mokongola moti Mai Moyo anatigulira nyama yowotcha. Alimi analandira yankho lawo. Ine ndinkaima pambali pa makinawo akamatsukidwa, ndikuyang'ana asidi wa golide uja akuyenda m'mapaipi, ndikuganiza kuti munthu alibe paipi yoti ulumikizepo botolo.

Mvula ili pafupi kutha, Lameki anagwa pa mwala wabwino, woposa yonse imene anakumbapo. Mbiri inamutsogolera kufika kumudzi. Anyamata achilendo anaoneka pa golosale akufunsa za iye. Sabata yomweyo kunagwa mvumbi wosalekeza, ndipo wosema mwala wa chiliza ku Chegutu anali atanena kuti sayamba kulemba dzina asanalandire ndalama zake. Zonsezi ndinazimva pambuyo pake. Ndinali ku Kadoma, ndikudontheza asidi m'timachubu.

Anawotcha zonse tsiku limodzi, timipira tambiri motsatizana, m'khitchini, chitseko chotseka, thumba atatchinga nalo mpata wa pansi pa chitseko. Apongozi ndi Tadala, Enelesi anawatumiza kwa anansi. Lameki anali panja ndi nkhwangwa. Mkatimo munali Enelesi yekha.

Tsiku lotsatira anayamba kutsokomola ndi kutentha thupi, ndipo onse anati ndi chimfine cha mvumbi. Pafoni anandiuza zomwezo. Nditafika Lachisanu ndinamupeza atakhala pamphasa atatsamira khoma, akupuma ngati munthu amene wangokwera phiri. Sindinafunse aliyense chilolezo. Ndinaimitsa galimoto ya munthu wosamudziwa pamsewu.

Kuchipatala anajambula chifuwa chake. Mapapo onse awiri anali oyera ngati nkhungu. Ndinauza dokotala chimene chinachitika, ndipo anandimvetsa ndisanamalize, anali atazionapo. Anamuika pa okosijeni, n'kunena kuti tidikire kuti thupi lilimbane nazo lokha.

A Phiri anabwera atavala jekete la kutchalitchi. Sanalowe m'wodi. Anandipeza pakhonde, ndipo kwa nthawi yoyamba analankhula nane popanda nkhoswe pakati.

"Mkamwini, mutengeni. Akatuluka muno asadzerenso kwathu, apite kwanu. Za chiliza tidzaona tokha."

Ndinagwada pa simenti ya pakhondepo n'kuwomba m'manja, monga mmene zimayenera kukhalira. Iwo anayang'ana kumbali.

Enelesi tinamuika m'manda ku Gadzema, pafupi ndi bambo ake. Mayi anga sanathe kubwera. Mapepala oyendera analibe. Munya anakhala pambali panga masiku onse a maliro osanena nthabwala ngakhale imodzi, ndipo Mai Moyo anatseka labu, chinthu chimene anali asanachitepo. Lameki sanandiyang'ane, ine sindinamuyang'ane. Sindikudziwa amene ankaopa mnzake.

Ndinapempha chinthu chimodzi, kudzera mwa a Banda: khitchini ija igwetsedwe, koma udzu wake asautenthe, aukwirire kutali ndi chitsime. Apongozi anatuluka m'nyumba ya siwa, anabwera mpaka pamene ndinakhala, n'kundiyang'ana kumaso. Ndinali ndisanaionepo nkhope yawo pafupi chotero. Inali nkhope ya Enelesi itakalamba. Anati iwo agwetsa ndi manja awo, ndipo Tadala amutumiza kwa azakhali ake ku Mubaira.

Patapita nthawi anandisudzula, monga mwambo umanenera: a Phiri anandimasula pamaso pa ankhoswe kuti sindilinso mkamwini wawo, ndine mfulu kupita kulikonse ndi kukwatira kwina. Anandithokoza kuti ndinali wa ulemu, sindinakwezepo mawu pakhomo pawo. Mawu amenewo ndinawalandira, koma mpaka lero sindidziwa powaika.

Ndinayesa kubwerera ku ntchito. Manja anali odekha monga kale, ndipo mboni inkatuluka yoyera. Chinandikanika ndi kukhala patsogolo pa kompyuta n'kumayang'ana mzere wa 202 uli phee pansi, ukundiuza kuti zonse zili bwino. Mai Moyo sanandikakamize. Anandilembera kalata yabwino yondichitira umboni, imene sindinaionetsepo aliyense.

Kwathu ndinapeza nyumba ya malata, ndi mayi atafupika. Ana a mlongo wanga anandithawa. Enelesi onse ankamudziwira pafoni pokha, choncho anandipepesa mwaulemu, monga umapepesera munthu amene katundu wake wabedwa ku ulendo. Mwezi usanathe azakhali anayamba kutchula maina a atsikana a kutchalitchi. Amandiseka kuti Chichewa changa chinapindika, ndipo nthawi zina patebulo pakamwa pamatuluka sadza.

Golide wafikanso kuno. Anyamata a m'mudzi mwathu akupita kumitsinje ya kumunsi ndi mabeseni ndi mafosholo. Msuweni wanga wina anabwera kudzandiona atanyamula nkhuku, ndipo titacheza pang'ono anafunsa ngati ndikudziwa kumene angapeze mekyuri wotchipa, popeza ine ndinakhala kwa eni ake a zinthuzi. Ndinamukhazika pansi n'kumuuza zonse zimene ndalemba apazi. Anamvetsera mpaka kumapeto, mwachifundo, monga timamverera munthu woferedwa. Ponyamuka anati akafunsa ku Balaka.

Chatsala chimodzi choti ndinene.

A Phiri atachoka pakhonde paja, ndinalowa m'wodi. Anali masana, nthawi yoona odwala, ndipo pa mabedi ena anthu ankatsekula makontena a chakudya. Enelesi anali maso. Ndinakhala pambali pake n'kumuuza kuti atsibweni alola, akatuluka muno tikupita ku Kadoma. Anatseka maso, ndipo ndinaona kuti wamva. Madzulo a tsiku lomwelo mpweya unamuchepera kwambiri moti sanathenso kulankhula, mpaka pamene anatisiya. Koma masana amenewo anakweza dzanja, n'kusuntha chophimba cha okosijeni kuchichotsa pakamwa. Ndinafuna kuchibwezera, anandigwira chala.

Anafunsa ngati chipinda chija chili ndi zenera. Mawu ankatuluka limodzilimodzi.

Ndinati chili nalo, lalikulu, loyang'ana kumsewu, ndipo m'mawa dzuwa limalowa mpaka pabedi.

"Mukalitsekule," anatero. "Ndikamabwera ndidzapeze muli mphepo."